Mawu omusudzulira make Chipo

Tryness Shawa wa ku Nabvutika ndi telala. Wasoka mayunifomu a ana asukulu zaka zambirimbiri, moti ambiri amene lero akunyada ndi mataye m'maofesi a m'Chipata anayamba avala kabudula wotuluka m'manja mwake. Si munthu wolongolola. Ukapita kukasoketsa amakuyeza, n'kukuuza tsiku lodzatenga, basi. Nkhani ukafunire kwina.

Mwana anali naye mmodzi, Enoch. Mnyamatayo anali ndi mutu, ndipo mutuwo unamufikitsa ku Japan kukaphunzira za ulimi wa mpunga. Komweko anakwatira mkazi wachijapani, nabereka mwana wamkazi dzina lake Chipo. Dzina la mpongoziyo linkawapinda lilime, choncho onse ankangoti make Chipo. Lamulungu lililonse anthu akaweruka ku tchalitchi, foni ya Tryness inkalira, nkhope zitatu n'kuonekera pagalasi. Enoch ndiye ankamasulira zonse, uku ndi uku.

Kenaka Enoch anagwa ali kuntchito, osadzukanso. Mtembo anauwotcha monga achitira kumeneko. Ku Nabvutika anthu anasonkhana pa maliro opanda bokosi, anaimba, anabalalika. Tryness sanalire. Sikuti ankalimba mtima ayi, misozi sinkabwera basi. M'mawa mwake anavundukula makina n'kumaliza diresi ya munthu.

Foni sinaleke kulira Lamulungu. Chingelezi cha make Chipo chinali chochepa, cha Tryness chinathera ku pulayimale, choncho ankangoyang'anana ndi kukwezerana manja, Chipo akuonetsa zimene wajambula.

Chitatha chaka kunabwera Matiyasi, mlongo wake wa Tryness, mwini mbumba.

"Alongo," anatero, "mwana wa eniake uja, make Chipo, timusudzule. Akali wamng'ono, mwina afuna kukwatiwa. Tisamumange."

"Timusudzule pafoni?"

"Manje tichite bwanji? Ndege ndilibe ine. Ndipo iye adziwa inu, mawu mukambe ndinu."

Tryness ankadziwa mapeto ake. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Mkazi wamasiye akamasulidwa amatenga ana ake, ubale n'kumazilala pang'onopang'ono. Atamuuza make Chipo kuti ndi mfulu, adzaimbanso ndani Lamulungu? Komabe sanakane. Anangoti mawu otere sanenedwa m'chilankhulo chimene mwini wake sakumva, ndiye amudikire aphunzire Chijapani. Kaya chinali chilungamo, kaya kuzengereza, ngakhale iye mwini sankadziwa.

Anamuthandiza ndi Nomsa, mayi wina wosoketsa kwa iye, amene amagwira ntchito ya mapepala a magalimoto a ku Japan pa malire a Mwami. Nomsa anamusonyeza polemba zimene ukufuna pa intaneti, ndi liwu limene uyenera kuika patsogolo: zaulere.

Koma ulere wa pa intaneti, abale inu! Amakulandira ndi mano onse panja, ukafika phunziro lachitatu akuti lowetsani khadi ya kubanki. Tryness anatsekeredwa zitseko zingapo chotero. Sanakwiye, ankangotuluka n'kugogoda pena. Potsiriza anapeza zenizeni: mavidiyo a mayi wina wophunzitsa mosathamanga, maphunziro afupiafupi a pawailesi oti ukawakopera pafoni umamvera osatha bandulo, ndi kapulogalamu ka zilembo. Zilembozo zinamukanika, zinkaoneka ngati ulusi wosokonekera pa bobini. Anazisiya n'kutsata khutu.

Ankatsamiritsa foni pa chitini cha mabatani, phazi likupalasa, pakamwa pakubwereza. Odzasoketsa ankaseka kuti amayi ayamba malilime. Anaphunzira kupereka moni, kuthokoza, kufunsa mtengo wa nsomba, ngakhale kufunsa njira ya ku siteshoni, munthu woti sitima sanakwerepo. Koma phunziro la kusudzula mkazi wamasiye kunalibe. Anafufuza mpaka kutopa. Amene amakonza maphunziro aulere amaganiza kuti aliyense akupita kukaona malo.

Tsiku limene Tryness anapereka moni m'Chijapani koyamba, Chipo anaseka mpaka kugwera pamiyendo ya amake, kenaka anadzuka n'kuyamba kuwakonza agogo ake katchulidwe. Kuyambira pamenepo mwanayo ankabwera pafoni ndi mawu atsopano oti awaphunzitse.  Chimene Tryness anaona n'chakuti tsopano anali ndi chinthu choti n'kutaya.

Mawu aja anawapeza ndithu. Iye ndi Nomsa anawalumikiza chidutswachidutswa ndi kapulogalamu komasulira, mpaka anakwana ziganizo ziwiri zonena kuti uli mfulu, ukhoza kukwatiwanso. Anaziloweza mpaka zinkatuluka zokha. Matiyasi akafunsa, ankamuyankha kuti sizinapse.

Lamulungu lina Matiyasi anangotulukira atavala jekete, n'kukhala pampando wa odzasoketsa.

"Lero, alongo. Zachedwa kokwana."

Foni inalira. Make Chipo anaonekera, mwana ali pambali pake. Tryness anayamba m'Chinyanja, ndi mawu omwe aja ouzira munthu tsiku lodzatenga diresi.

"Mwana wanga, mwamuna wako anapita. Unamusunga bwino, ife tilibe nawe mlandu. Uli mfulu. Ukapeza munthu, kwatiwa."

Make Chipo ankamwetulira mwaulemu, akudikira kuti amve.

"Manje muwauze m'chikwawo," anatero Matiyasi.

Ziganizo ziwiri zija zinali pa lilime, zokonzeka. Tryness anayang'ana mtsikana wamasiyeyo, amene anali asanaphonyepo Lamulungu ndi limodzi lomwe. Anayang'ana Chipo, amene anali atatsegula kale kamwa kuti awakonze agogo akalakwitsa. Ndipo ananena m'Chijapani, momveka bwino, osaphonya ndi pamodzi pomwe: tionanenso sabata yamawa.

Make Chipo anaweramitsa mutu n'kubwereza mawu omwewo. Chipo anawomba m'manja.

Matiyasi anapumira m'mwamba, nkhope itamasuka. "Wavomera?"

Tryness ankadziwa bwinobwino chimene wamumana mwana wa eniake. Anadikira kuti manyazi amugwire, koma sanabwere.

"Wavomera," anatero.