Kiyi wa Galimoto Yofiira ya Ababa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinaponya kiyi wa galimoto ya ababa m'chimbudzi. Ndinachita dala, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Ndinali Sitandade 4, kwathu kumapiri a Dowa. Galimotoyo ababa anabwera nayo kuchokera ku Halale kumene ankagwira ntchito. Kanali kagalimoto ka mpikisano kakalekale, kofiira, kopanda denga, ka mipando iwiri basi. Sikankanyamula ngakhale thumba la chimanga, koma kakalira mudzi wonse unkatuluka.

Lolemba lina kunabwera atcheyamani a chipani a m'dera lathu. Sanapemphe ayi. "A Phiri, Loweruka kuli msonkhano ku Ntchisi. Galimotoyi itenga ine." Ababa anavula chipewa n'kuvomera. Zinandiwawa koopsa, chifukwa munthu yemweyu ndi amene anabweza amayi pachipata cha msika, mwana ali kumbuyo, ati alibe khadi la chipani. Kiyi anali mmodzi yekha, ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndinamutenga.

Atcheyamani atamva kuti kiyi wasowa, anangoseka. "Kiyi satayika sabata ya msonkhano. Galimoto ikapanda kuyenda Loweruka, mukafotokoza kutsogolo." Kutsogoloko tinkakudziwa. Mphunzitsi wina anatengedwa kupita kumeneko, ndipo sanabwerenso. Apa mantha anandigwira, ndinaulula.

Ababa anangoti: "Esinati, wataya ndiwe. Loko ukanyamulanso ndiwe."

Anamasula loko yolizira galimoto, ine n'kuimanga pampango, ulendo wapansi wa ku Mponela dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Kumeneko kunali a Gwaza, mmisiri wokhoma zidebe. Anadula kachitsulo ka mkuwa n'kukapala ndi tupa mpaka kanalowa m'loko. Kenako ankakadetsa ndi utsi wa kandulo, kukalowetsa, kupotoza pang'ono, n'kukatulutsa. Pamene mwaye wachoka, m'pamene ankapala. Ine ndinkagwira kandulo, phula likundiwotcha zala, koma sindinalire. Kiyi woyamba anathyoka. Wachiwiri anatembenuka Lachisanu masana, a Gwaza n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

Loweruka atcheyamani anafika atavala suti yoyera. Kuyendetsa sankadziwa, choncho anayendetsa ndi ababa. Zotsatirazi anatiuza ndi amayi a m'mudzi amene anakwera lole kukavina kumsonkhanoko. Ababa anaika kagalimoto kumbuyo kwenikweni kwa loleyo, msewu wonse wa fumbi mpaka ku Ntchisi.

"Ipitirireni loleyi, a Phiri!" ankakuwa atcheyamani, uku akutsokomola.

"Pepani bwana, kiyi ngwatsopano, sanazolowere kuthamanga."

Atcheyamani anafika ali ofiira ngati chulu, nsidze ndi suti zomwe. Amayi ovina ankabisa nkhope m'zitenje. Mlandu panalibe, poti galimoto inayenda ndithu, ndipo ababa anabwerera kunyumba bwinobwino. Atcheyamani sanaifunenso.

Masiku ano ku Mponela makina amadula kiyi usanamalize n'kupereka moni komwe, ndipo munthu ukhoza kukana ndi pakamwa, masana, anthu akumva. Ana anga saona chachilendo pamenepo, ine ndimaona.

Ababa atakalamba ndinawafunsa chifukwa chake sanandikwapule tsiku lija, chikhalirecho ndinatsala pang'ono kuwamangitsa. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndikanakukwapula bwanji, mwana wanga? Ine ndinkaganiza zokamuponya kudambo kiyiyo. Iwe unangofulumira."