Zdravka ndi Chigongono cha Mwana Wake

Zdravka anafika pakhomo panga atagwira mwana kudzanja limodzi, chidebe cha tchizi kudzanja linalo, kavayolini atakakoleka kumsana. Moni sanapereke n'komwe. Anayamba wafunsa ngati m'chipinda chomwe ndimachititsa lendi mumalowa mphepo, chifukwa zala za mwana wake siziyenera kuzizidwa.

Ine ndine Yordanka. Nyumba yanga ili kuseri kwa sukulu ya ana aluso la nyimbo ya mumzinda mwathu muno, ndipo chimwalirire mwamuna wanga ndakhala ndikusunga amayi ochokera kumidzi pamodzi ndi ana awo. Ndawaona ambiri. Onse amabwera ndi nkhope imodzi, ya munthu amene wauzidwa kuti mwana wake si wamba, ndipo kuchokera tsiku limenelo samvanso za munthu. Koma Zdravka anawaposa onse.

Kwawo kunali kumapiri, kumudzi wa oweta nkhosa. Mwana wake, Nevyana, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anatola vayolini ya mkulu wina woimba pa ukwati, n'kuyamba kufufuza nyimbo imene anali atangoimva, mpaka anaipeza. Mbiri inafika kwa a Drenchev, mphunzitsi wamkulu wa vayolini pasukulu ija, omwe masiku amenewo ankayenda m'midzi kusakasaka ana. Anapita, anagwira zala za mwanayo chimodzichimodzi, kenako anati, "Mayi, mwana uyu mundipatse." Zdravka anasiya mwamuna wake Stoimen, nkhosa, ndi mwana wamwamuna amene anali atangoleka kuyamwa. Kuno anapeza ntchito yotsuka mbale m'kantini ya pafakitale.

M'nyumba mwanga munalowa lamulo latsopano. Nevyana asagwire mpeni. Asanyamule chikwama. Asatseke chitseko, asasewere mpira, asatuluke opanda magolovesi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Zingwe za nsapato ankamumangira mayi wake, buledi ankamudulira mayi wake. Mwana akangoti atole kanthu, unkamva mfuu kuchokera kukhitchini: "Manja!" Mawu amenewa ndinawamva mpaka mphaka wanga anawazolowera. Manja a Zdravka mwiniwake anali ong'ambikang'ambika ndi sopo wa kufakitale, koma za amenewo sankalankhula.

Nyimbo zomwe mwana wake ankaphunzira sankazimvetsa ngakhale pang'ono. Chomwe ankadziwa chinali a Drenchev. Zimene anena a Drenchev ndi zomwezo, ngakhale atati mwana adye nyemba ataimirira.

Pasukulu ija mwana amakhala wa mphunzitsi mmodzi kuyambira tsiku loyamba, ndipo mphunzitsiyo ndiye amaumba dzanja lake: kagwiridwe ka uta wokhwekhwezera nsambo, pokhala chala chilichonse, pokhala chigongono. Ana a Drenchev unkawadziwira patali, chigongono chili m'mwamba, uta akuukanikiza mwamphamvu. Ndipo pakutha kwa chaka chachisanu ndi chiwiri pamakhala mayeso osefa. Wokhoza amapitirira, wolephera amalongedza. Palibe zobwereza.

Chaka chosefacho chitangoyamba, a Drenchev anawapumitsa ntchito. Anali atakalamba, manja akunjenjemera. Nevyana anamupereka kwa Mayi Kushleva, mphunzitsi wachitsikana ndithu, amene kale anali mwana wa a Drenchev omwewo, koma atakaphunzira kunja anabwerako ndi kagwiridwe kena.

Tsiku limenelo Zdravka analowa m'khitchini mwanga osavula chikhoti.

"Amayi Yordanka, mwamva zimene yachita mfiti ija?"

"Mfiti iti? Pasukulu paja zilipo zambiri."

"Kushleva! Akuti dzanja la mwana wanga n'lolimba ngati chikuni. Akuti akapitiriza chonchi phewa lidzamuthera asanakwatiwe. Akuti atsitse chigongono, ayambirenso poyambirira, nsambo imodzi basi, eee, eee, ngati nkhosa yotsekeredwa m'khola. Nyimbo ayi. Mpaka liti? Akuti mpaka dzanja litaiwala. Liiwale chiyani? Zaka zonsezi ndakhala ndikutsuka mbale kuti liiwale?"

"Khala pansi, Zdravka. Mayi uja ana ake amakhoza."

"Ana ake! Mwanena nokha. Wanga si wake. Akufuna kumuchedwetsa kuti ake adutse. Ine ndine wakumudzi koma si chitsiru ayi."

Ndinamuuza zomwe ndikudziwa, ndipo ndinamuuza mokweza. Ndasunga ana a chigongono cham'mwamba, ndasunga ana a chigongono chapansi, ndipo mbali zonse ziwiri alipo amene ali m'magulu akuluakulu oimba lero. Njira zonse ziwiri zimafikitsa. Chosatheka n'kuyenda zonse ziwiri nthawi imodzi. Zdravka anandiyang'ana ngati ndikulankhula chinenero cha kunja, n'kutenga botolo la uchi wakumudzi, ulendo kwa a Drenchev.

Mkulu uja akanakhala ndi mtima akanamubweza pakhomo. Koma anali yekha m'nyumba yodzaza zithunzi zake zakale, palibe womuitana kuti aphunzitsi, ndiye pakhomo pafika mzimayi akulira kuti mwana wanu akumuwononga. Womuwonongayo n'kukhala wophunzira wawo wakale uja amene anataya kagwiridwe kawo. Anangoti, "Mubwere naye Loweruka. Musauze munthu." Malipiro awo anali uchi, tchizi, ndi kuwakolopera m'nyumba.

Basi moyo wa Nevyana unagawika. Mkati mwa sabata Mayi Kushleva ankatsitsa chigongono, Loweruka a Drenchev ankachikweza ndi nsonga ya pensulo, akukalipa kuti, "Ndani wakuphunzitsa kuimba ngati wodwala?" Mwana anali womvera, ndipo ndicho chinamupweteka. Onse awiri ankawamvera ndi mtima wonse. M'mawa uliwonse asanatsegule bokosi la vayolini ankafunsa, "Amayi, lero ndi dzanja la ndani?" Zdravka ankayankha ngati akunena za ndiwo: lero la a Drenchev, mawa la mayi uja.

Mayi Kushleva anayamba kudabwa. Lachisanu dzanja lafewa, Lolemba labwerera.

"Nevyana, ndani akukugwira chigongono ine ndikachoka?"

"Palibe, aphunzitsi."

"Ndiyang'ane."

"Palibe, aphunzitsi. Chimangokwera chokha."

Kunyumba ine ndinkamvera kuseri kwa khoma, ndipo ndinamva kuimba kwa mwana uja kukuchepa. Kale akamaimba ndinkasiya kusita n'kukhala pansi. Tsopano ankayamba, n'kusiya, n'kuyambanso, mawu ake opyapyala, onjenjemera. Masana ena mayi wake ali kuntchito anabwera kukhitchini, anandipeza ndikusenda mbatata.

"Azakhali, ndipatseniko imodzi ndisende."

"Ufuna amako andidye wamoyo?"

Anaseka pang'ono, kenako anayang'ana dzanja lake lamanja, akulitembenuza. "Azakhali, ndikanyamula uta dzanja limayamba landifunsa kaye. Kale silinkafunsa."

Mtima unandiwawa kwambiri. Zdravka atabwera ndinamutsekera m'khitchini.

"Iwe, mwana akutha. Sankha mmodzi. Wina aliyense, koma mmodzi."

"Ndisiye a Drenchev amene anamutola? Ndisiye Kushleva amene adzakhale pamayeso? Mukufuna ndisiye uti?"

"Ndiye ukamuuze Kushleva zoona."

"Amuthamangitse mawa lomwe?" Anakhala pampando, n'kubisa manja ake ong'ambika aja pakati pa mawondo. "Amayi Yordanka, inu simudziwa. Kumudzi amanditchula kuti amake katswiri, ndipo satchula mwaulemu. Mwana wanga wamwamuna amati amayi kwa apongozi anga, ine amandipatsa moni wa mlendo. Stoimen ndikapita amagona kukhola, akuti nkhosa zikubereka, chaka chonse nkhosa zikubereka. Ndibwerere ndi chiyani? Ndikanene kuti ndinapita kukatani? Mwana ameneyu akalephera, ine ndilibe kolowera. Ndikuopa, amayi. Ndikadzuka ndikuopa, ndikamatsuka mbale ndikuopa. Ndiye aphunzitsi awiri angachepe bwanji kuposa mmodzi?"



Mayeso atayandikira, Zdravka anaganiza nzeru ina osauza munthu. Aphunzitsi opuma amaloledwa kukhala kumbuyo kwa holo pa mayeso osefa. Iye anaona kuti oyesa akaona a Drenchev, munthu amene anaphunzitsa theka la iwo, adzachita manyazi kugwetsa mwana wawo. Anapita kukawachonderera a Drenchev kuti abwere, anawachapira malaya, anawasitira suti yakuda.

Tsiku la mayeso ndinaperekeza Zdravka ndi mwana wake. Makolo salowa, amaima m'khonde n'kumasuzumira pa kagalasi ka pachitseko. Zdravka anamuvula mwana magolovesi, anamuuzira mpweya m'zala, n'kumunong'oneza kuti lero ndi dzanja la Mayi Kushleva. Nevyana anagwedeza mutu n'kulowa.

Anakwera pansanja, anawerama, n'kudzutsa maso. Kutsogolo kunali oyesa, Mayi Kushleva ali pakati pawo. Kumbuyo, yekha pamzere wa mipando yopanda anthu, kunali a Drenchev ndi suti yawo yakuda, atatsamira ndodo, akumumwetulira.

Woimba piyano anayamba. Nevyana ananyamula uta, chigongono chili pansi. Anayang'ana kumbuyo kuja, chigongono chinakwera. Anayang'ana kutsogolo, chinatsika. Malo ake olowera anadutsa. Wapiyano, mayi wachifundo, anabwerera n'kuyambiranso ngati palibe chachitika. Ulendo uno mwana analowa, koma chigongono chili pakatikati pomwe sanaphunzitsidwe ndi munthu aliyense. Uta unayamba kudumphadumpha pa nsambo. Anakakamira mizere ingapo, nyimbo yomwe ankaiimba bwinobwino ali ndi zaka khumi, kenako uta unatsetsereka n'kulira ngati chitseko chadzimbiri. Anasiya. Anatsitsa vayolini n'kuima chilili, akuyang'ana dzanja lake.

Mayi Kushleva anatembenuka kuti aone chimene mwana ankayang'ana kumbuyo. Atawaona a Drenchev anatseka maso.

Zdravka anali atandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. "Amupatsanso mpata eti? Amayi Yordanka, amapatsa eti?"

Chitseko chinatseguka, Mayi Kushleva anatuluka nkhope ili gwa.

"Kuyambira liti?"

"Aphunzitsi, ndimafuna kumuthandiza..."

"Ndafunsa kuti kuyambira liti."

"Chiyambire chaka."

"Mayi, mukanamusiya kwa ine akanakhoza. Mukanamuchotsa kwa ine n'kumusiya kwa mkulu uja, mwina akanakhozabe. Mwana ameneyu anali ndi khutu lomwe ine ndilibe."

Zdravka anagwada pansi m'khonde muja, pamaso pa makolo onse, n'kugwira mpendero wa siketi ya mphunzitsi. Anati adzawakolopera m'nyumba moyo wake wonse. Anati amenye iyeyo, amutengere kupolisi, koma mwana asamuchotse. Mayi Kushleva anamumasula zala chimodzichimodzi, nawonso misozi ili m'maso, n'kunena kuti si iwo okha oyesa ndipo onse amva zomwe amva. A Drenchev anatulukira khomo lakumbuyo. Sanabwere kudzaona mwana.

Patapita masiku Zdravka ndi mwana wake analongedza. Ndinawaperekeza kokwerera basi, ndikuganiza kuti akupita kwawo kumapiri, ndipo mumtima ndinkati mwina n'chimodzimodzi, mwana akapume. Zdravka anabwera kuchokera pawindo la matikiti maso akuwala, kuwala komwe ndinakuona tsiku lija anafika pakhomo panga.

"Sitikupita kumudzi, amayi. Kumpoto, kumzinda wa kumtsinje kuja, kulinso sukulu. Mayi wina wandiuza kuti kuli mphunzitsi amene amakonza manja owonongeka. Amayambira poyambirira penipeni. Akangomuona Nevyana..."

"Zdravka, wachitatu?"

"Nanga nditani? Ndiuzeni, nditani?"

Nevyana anamva zonse. Sanalire. Anavula magolovesi n'kuwaika pabenchi, pambali pa vayolini. Kenako anawerama n'kunyamula zikwama zonse ziwiri, zija zolemera zomwe munali mapoto ndi zofunda, china kudzanja ili china kudzanja ilo, n'kuyamba kuyenda, osati kolowera basi ya kumpoto, koma ya kumapiri. Zingwe za zikwama zinamulowa m'zala mpaka zala kuyera. Ankapepesuka, koma sanatule.

"Manja!" anakuwa Zdravka. "Nevyana, manja! Mwana wanga, tula, manja!"

Mwana sanacheuke. Zdravka anatola vayolini ndi magolovesi n'kumuthamangira, akukuwabe mawu omwewo, matikiti a kumpoto ali m'kamwa mwa thumba la chikhoti. Ndinawaona akulimbirana chikwama pakhomo la basi ya kumapiri, wina akukoka, wina akukana kusiya, dalaivala akuwafunsa ngati akukwera kapena ayi.