Mimba Itachoka, Mlandu Unagwera Mwamuna Wanga

Chizindikiro choyamba chinali kadontho ka magazi, m'mawa wina mu Ogasiti, tikukolola nandolo kumunda kwathu ku Nkhulambe. Ndinali ndi pathupi pa miyezi iwiri, ndipo ankadziwa ndi mwamuna wanga Fanuel yekha, poti kwathu mimba yaing'ono sitiilengeza. Ndinkayesa kuti ndi kutopa chabe. Masana msana unayamba kuwawa, m'chinena mukupota, ndipo pofika madzulo ndinali kutaya magazi oundana.

Ndinauza amayi anga. Iyi inali mimba yachiwiri kuchoka, choncho nkhani sinachedwe kufika kwa amalume. M'malo mofuna kabaza, anthu anayamba kunong'onezana za tsempho. Kwathu amati mkazi akapita padera, ndiye kuti mwamuna wake wayenda ndi mkazi wina. Fanuel ndi mkamwini, anachokera ku Chiringa kudzamanga pamudzi pathu. Munthu wofatsa uja, amene nkhuku ikalowa m'nyumba amachita kuipempha kuti ituluke, anamukhazika pansi ngati wakuba mbuzi. Amalume anagamula kuti ndikangochira, iye alongedze azipita kwawo. Ndinapsa mtima kwambiri, koma mphamvu zoyankhulira ndinalibe.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi chizungulire, thupi likutentha. Fanuel sanapemphenso chilolezo kwa munthu. Anandikhazika panjinga n'kumaikankha mpaka kuchipatala chaching'ono cha kwathu, amayi akutsatira m'mbuyo osamuyankhula. Anamwino ataona kuti m'maso ndi m'manja mwayera, anandiika diripi n'kuitanitsa ambulansi. Tinaidikira mpaka dzuwa litapendeka.

Kuchipatala chachikulu cha ku Boma anandiunika ndi makina n'kupeza kuti zina zinatsalira m'chiberekero. Ananditsuka, anandiwonjezera magazi, n'kundigoneka. Moyo wa m'wodi ndi wodikira. M'mawa amakolopa, amatiyeza kutentha kwa thupi, amagawa mankhwala, kenako mumakhala chete kudikira adokotala. Amayi ankandidikirira pambali pa bedi. Fanuel ankathera tsiku pakhonde, chifukwa nthawi yoona odwala ikakwana amayi ankamutembenukira msana.

Tsiku lina adokotala akuzungulira, amayi analimba mtima.

"Adokotala, tiuzeni zoona. Si mwamuna wake wachititsa zimenezi?"

Adokotala anakhala pamphepete pa bedi. "Ayi, amayi. Mwana akamayamba kuumbika amakhala kagulu ka tizigawo tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Maselowo amayesana okhaokha. Amphamvu amachotsa ofooka ndi olakwika, ngati mmene mumapatulira chimanga paphando, kuti mwana aumbike ndi abwino. Izi zimachitika mkazi asanadziwe n'komwe kuti waima. Koma nthawi zina olakwika amachuluka kuchokera pachiyambi, ndiye mimba imangosiya kukula. Nthawi zambiri palibe amene walakwa. Chimene chikanapha mwana wanuyu ndi kuchedwa kubwera kuno."

Ndinalira, koma kanali koyamba kulira mtima ukupepuka. Chichokereni mimba yoyamba ndinkadziona ngati mkazi wa thupi lotembereredwa. Tsopano ndinamva kuti m'thupi mumachitika ntchito yosankha imene ine, Fanuel ngakhale amalume sitingailamule.

Nthawi yoona odwala itakwana amayi anatuluka, ndipo ndinawamva pakhomo akuti, "Akamwini, lowani mudzaone mkazi wanu."

Kumudzi amalume sanagonje msanga. Anafunsa monyoza kuti maselowo anawaona ndani. Amayi anawayankha kuti nawonso amalumewo mkazi winayo sanamuonepo, ndipo nyumba ya mwana wawo siphwasuka chifukwa cha zongoganiza. Nkhani inathera pomwepo, ngakhale amalume anatha mwezi akudutsa kuseri kwa nyumba yathu.

Kuchira kunatenga nthawi. Ndinamwa mapiritsi owonjezera magazi, ndinasiya kaye khasu ndi ndowa, ndipo tinadikira miyezi ingapo monga anatilangizira. Nditaimanso sindinabise. Ndinayamba sikelo mwezi womwewo, ndipo mantha anali nane mpaka tsiku limene mwana anayamba kugunda m'mimba.

Lero ndili bwino, ndikulima ngati kale. Mwana wathu wamkazi wayamba kukwawa, ndipo Fanuel akadali pamudzi pathu. Ana awiri aja sindinawaiwale, koma sindiimbanso mlandu munthu aliyense, ngakhale ine ndemwe.

Amayi anzanga, mukaona magazi muli ndi pathupi, ngakhale kadontho, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musachite manyazi poti mimba ndi yaing'ono, ndipo musadikire kuti akuluakulu akambirane kaye. Ine ndinatsala pang'ono kufa, abale anga ondikonda ali kalikiliki kufunafuna wolakwa amene kunalibe.