Makina Oopa Bwana ku Mtakataka

Ndinanyamuka ku Lilongwe 6 koloko m'mawa, chikwama cha zipangizo nditachifungata ngati khanda. Anandiitana ndi Mesi, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ntchito ya mu labotale. Iye amayendetsa makina a NMR pa kakampani kena koyenga mafuta a malambe kufupi ndi Mtakataka. Mtima wa makinawa ndi maginito: umalowetsamo kachubu ka mafuta, iwo n'kujambula mizere pakompyuta yosonyeza ngati mafutawo ndi enieni kapena osakaniza. Tsono mizere ija inasiya kusongoka, inkangotuluka yofufuma ngati zitumbuwa. Bwana wake, a Kamwendo, anati waononga ndi Mesi, ndipo likafika Lachisanu zisanasinthe, aone msana wa njira. Tsikuli linali Lachinayi.

Pa Masasa ndinakwera matola ya K3,000 yotsetsereka Khwekhwerere. Mayi wina wa dengu la kachewere ankapemphera pa kona iliyonse, ndipo pakati pa mapemphero awiri anandifunsa ntchito yanga. Nditati ndimakonza maginito, anadandaula kuti akanadziwa akanatenga sipika ya wailesi yake.

Tinafika pa Golomoti cha m'ma 11, kutentha ngati mu uvuni. Ndikudya tchipisi cha pachiwaya ndinadziuza kuti matenda ndawapeza, poti maginito amadana ndi kusinthasintha kwa kutentha. Ndinaimbira Mesi monyadira. Anandiyankha kuti chipindacho n'chozizira bwino, mawaya anawayang'ana onse, ndipo amachuna maginito m'mawa uliwonse. Anawonjezera kuti m'mamawa makina amagwira bwinobwino, koma bwana akangofika amayamba kudwala, moti anzake amati makinawo amaopa bwana.

Ndinaseka. Koma minibasi ya ku Mtakataka imene ndinakwera itaima pa Mua kudikira anthu, kuseka kunandithera. Ndinalibe yankho loposa limenelo, ndipo ndinachita mantha kuti ndikachititsa manyazi wophunzira wanga yemwe.

Ndinafika 1 koloko itadutsa, a Kamwendo atapita kokadya. Tinalowetsa kachubu, mizere n'kutuluka yosongoka ngati singano, ine ndisanatsegule n'komwe chikwama. Kunena zoona, ndinatsala pang'ono kunama kuti ndakonza ndine. Kenako panja panalira njinga yamoto ya a Kamwendo, n'kuzima. Tinayesanso. Zitumbuwa zija zinabwerera.

Ndinatuluka n'kuzungulira nyumba. Njinga ija inali itatsamira khoma la kumthunzi, ndipo kuseri kwa njerwa imodzi yokhayo n'kumene kunali maginito athu. Makinawo ndi akale, chitsulo chachikulu chikayandikira chimawasokoneza. Amene anawaika anasankha khoma lozizira, bwananso anasankha lomwelo.

“Bwana, takankhireni njingayi pansi pa mtengo wa mango uwo,” ndinatero.

“Pamenepo mbalame zimandiipitsira chishalo, achimwene,” anayankha a Kamwendo, koma anakankhabe akung'ung'udza.

Mizere inasongoka. Anabweza njinga pakhoma, inafufuma. Anachita zimenezi katatu okha, thukuta lili kamukamu, ife tikuonerera pawindo. Kachitatuko analowa, n'kuyang'ana kompyuta nthawi yaitali.

“Mesi,” anatero motsitsa mawu, “Lolemba ubwere ndi penti. Ukalembe pakhomapo kuti pano saimikapo njinga.”

“Ndilembenso kuti ngakhale ya abwana?”

“Makamaka ya abwana.”

Ndinabwerera ndi minibasi ya 4 koloko, chikwama chosatsegula. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana kuti makina akavuta uyambe ndi mawaya. Tsopano ndimawauza kuti ayambe azungulira kaye nyumba.