Tsiku Limene a Mawaya Anabisa Mawailesi

A Mawaya anayamba kukonza mawailesi ndevu zisanamere, ndipo imvi zinawapeza ali pa khonde lomwelo, pa tebulo lomwelo la mwendo umodzi waufupi wochirikiza ndi njerwa. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi boma basi. Ena onse ankangoti a Mawaya, chifukwa m'thumba la shati yawo simunkasowa timawaya tofiira ndi takuda tosuzumira kunja. Khondelo linayang'ana kumsewu. Wodutsa ankamva fungo la mtovu wosungunuka ndi mawailesi angapo akulankhula nthawi imodzi, iyi mpira, iyo mapemphero, inayo ikungosokosera. Kuseri kwa tebulo kunali chipinda chodzaza mpaka kudenga ndi mawailesi, makanema a chimimba ndi masipika, zonse za eni ake. Zina eni ake anaziiwala kalekale, zina eni ake anatsogola, koma a Mawaya sankataya chinthu cha munthu.

Chaka china kunabwera anthu ndi chitini cha penti yofiira n'kulemba mtanda pa chipilala cha khondelo. Msewu unkakuzidwa. Nyumba itsala, anatero, koma khonde lichoka, ndipo pamalo pake padutsa ngalande. A khonsolo analengeza kuti aliyense wa ntchito yamanja m'mbali mwa msewuwo apatsidwa malo mumsika watsopano. Kwa a Mawaya nkhani yonse inagona pamenepo: khonde likachoka iwo alibe malo mumsika, ntchito yathera pomwepo, chifukwa palibe amene angalumphe ngalande atanyamula kanema kukasaka mkulu wobisika m'chipinda. Chofunika, anatero a khonsolo, n'kungolemba mafomu basi. Ha, basi ameneyo!

Kufunsidwa sikunali kwachilendo kwa iwo. Dera limenelo boma linkalikonda kwambiri, makamaka kulifunsa mafunso. Azaumoyo ankabwera kudzafunsa za chimbudzi, azamadzi za mpope, azamisonkho za tebulo, owerenga anthu za amene anagona m'nyumbamo dzulo. Onse ankayambira pamodzimodzi, dzina, zaka, mulipo angati, ngati kuti a Mawaya angogwa kumene kuchokera kumwamba. Onse ankalumbira kuti sizitenga nthawi, koma pomatsanzika kachitsulo kowotcherera mawaya kanali katazizira, kasitomala atatopa n'kunyamula wailesi yake. Chimbudzi cha a Mawaya chinalowa m'mabuku a boma kangapo konse, mwina kuposa mwini wake, koma mpope wa pakona unakhalabe wouma. Mayankho onsewo ankapita nawo kuti, palibe ankadziwa. Akazi awo ankati mwina amakolezera mbaula.

Panali kufunsidwa kumodzi kumene kunawasiyira chilonda. Mvula itasasula madenga m'deramo, kunabwera bambo wina wa jekete lowala, fayilo kukhwapa, n'kufunsa ngati m'nyumbamo muli wailesi. A Mawaya anaseka, n'kutsegula chitseko cha chipinda chija kuti mlendo aseke nawo. Mlendoyo sanaseke, anayamba kuwerenga. Anamuuza kuti zonsezo n'za makasitomala, iye n'kuyankha kuti pa fomu palibe polemba za makasitomala, pali polemba nambala basi. Malata ndi mabulangete atafika, msewu wonse unalandira, ngakhale mwini nyumba za lendi amene anali ndi galimoto yake. A Mawaya okha ndiwo anapezeka kuti ndi mpondamatiki wa m'deramo. Anagona pansi pa pulasitiki dzinja lonse, akazi awo akuwakumbutsa nthawi iliyonse dontho likagwera pa bedi.

Amene anapindula ndi nkhaniyi anali alamu awo, achimwene a akazi awo, amene ankakhala nyumba ya kuseri. Ntchito ya alamuwa palibe anaionapo, koma za boma ankazidziwa ngati anabadwira mu ofesi. Iwo ndiwo anaphunzitsa msewu wonse kalandiridwe ka alendo a majekete. Akangooneka pakona, matiresi apindidwe, kanema alowe pansi pa bedi, nsapato zabwino zibisidwe, aliyense avale sanza zake. Akafunsa kanthu, yankho ndi limodzi: tilibe. Anthu anazolowera mpaka nyumba iliyonse inali ndi shati yong'ambika yosungira alendo. A Mawaya okha ankakanabe, ndipo alamu awo ankawatchula ngati chitsanzo cha mmene chilungamo chimagonekera munthu pa bedi lonyowa.

Mafomu a malo a mumsika anawadyera miyezi. Pa zenera loyamba anawapatsa fomu, n'kuwauza kuti ikufunika kalata ya azamisonkho. Azamisonkho anati kalata yawo imatuluka munthu akabweretsa umboni wa kumene amakhala. Umboniwo unkafuna chidindo, mwini chidindo anali ku msonkhano, ndipo atabwerako inki inali itauma. Chidindo chitapezeka, kalata ya azamisonkho inali itatha mphamvu. Anajambulitsa zithunzi, n'kuwabwezera kuti khutu lina silikuoneka, ngati kuti malowo ankapatsa khutu. Fomu ina anailemba ndi cholembera cha buluu, pamene ofesiyo inkangomva chakuda. Pa pepala lililonse ankalembanso dzina lomwe lija, zaka zomwe zija, mpaka fotokope ya chitupa chawo inachuluka m'nyumba kuposa mbale. Masiku onsewo khonde linali lotseka. Koma anapirira, ndipo tsiku lina kalaliki analandira mulu wonsewo, n'kuuponya pamwamba pa milu ina, n'kuwauza kuti zotsalazo ndi za ofesi, iwo akadikire kunyumba.

Akudikira choncho, m'mawa wina alamu anatulukira akupuma wefuwefu, malaya osamanga mabatani. Majekete ali pakona, anatero, ndipo ulendo uno si masewera, amva kwa munthu wodalirika kuti ndi thandizo lalikulu, la anthu osowa pogwira okhaokha. Munthu wodalirikayo sanamutchule, ndipo palibe anafunsa. Akazi a a Mawaya anaima pakhomo, manja m'chiuno.

“Abambo, ulendo uno musatichititsenso manyazi,” anatero. “Chilungamo chanu tinachifunda kale, sichitenthetsa.”

A Mawaya anayang'ana kudenga, pamene panali pakadali chigamba cha pulasitiki, n'kugonja. Wilibala inayenda maulendo ambirimbiri kudzera kanjira ka kuseri, mawailesi, makanema, masipika, zonse kukazilonga m'nyumba ya alamu. Zida anazikulunga m'thumba n'kuzitumiza komweko. Pa tebulo akazi awo anayanikapo mbale. Chinatsala ndi chikwangwani chimene a Mawaya anachilemba okha ali mnyamata. Anachigwira kanthawi, mtima ukukana, mpaka alamu anachizula okha n'kuchiponya pamwamba pa katundu. Shati yong'ambika anachita kubwereka kwa alamu omwewo.

Anafika mtsikana waulemu wake, wopanda fayilo, atangonyamula tabuleti. Dzina, zaka, mulipo angati. Kenako anafunsa ntchito imene amagwira. A Mawaya anabisa zala zawo za zipsera zamoto pansi pa mawondo, n'kunena kuti sagwira ntchito iliyonse.

“Ngakhale yamanja, agogo? Palibe chimene mumachita pa khonde pano?”

“Palibe, mwanangu. Timangoothapo dzuwa.”

Mtsikanayo anajambula khonde, mbale zake, mtanda wofiira uja, ndi a Mawaya mu shati yawo yobwereka. Anawasainitsa ndi chala pa galasi n'kuthokoza, n'kulowera kanjira ka kuseri. Akazi awo anawaphikira tiyi wamkaka tsiku limenelo, ati tsopano ayamba kuchenjera. Iwo mtima unkawawawa, koma tiyiyo anamwa.

Mayina a olandira malo atamatidwa pa khoma la khonsolo, a Mawaya anatsika ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso. Telala analipo, wosoka nsapato analipo, wometa analipo, pakuti mashini a telala ndi mpando wa wometa sizinakwane pobisa. Dzina lawo panalibe. Koma chakumapeto, pa malo a wokonza mawailesi, panali dzina la alamu awo.

Kalaliki anawafotokozera monyadira ndithu. Boma, anatero, lamva kulira kwa anthu kuti mapepala achuluka. Tsopano maofesi akulumikizana pa kompyuta, ndipo m'malo moti wina awerenge milu ya mafomu ija, mtsikana wa tabuleti anangoyenda kutsimikiza amene alidi ndi ntchito pa msewuwo. Zonsezo n'kupeputsira anthu ngati iwowo. Anatembenuza kompyuta kuti aone: khonde, mbale, ndi mkulu wa shati yong'ambika akuothera dzuwa. Anadinanso, panatuluka alamu ataima pakati pa mawailesi ofika kudenga, chikwangwani chili pambali. Mtsikana uja atawapeza ndi katundu yense uja, alamu anaopa kulembedwa kuti ndi olemera, kapena akuba, ndiye anangoti amakonza.

Zaka zonsezi maofesi osalankhulana, dzanja ili osadziwa za linzake, n'kudzayamba kumvana tsiku limodzi lokhalo limene a Mawaya ananama! Anaulula zonse pa zenera pomwepo, manyazi ali tho, anthu a pamzere akumvetsera. Anapempha kuti angotsegula mulu wa mafomu awo, muli kalata ya azamisonkho, muli chidindo, muli makutu onse awiri. Kalaliki anati mapepala amenewo ndi a dongosolo lakale, anapita kosungira. Koma asadandaule, ilipo fomu yokonzera zolakwika. Akailemba, oyendera adzabwera kudzawapeza akugwira ntchito pamalo awo.

Anailemba, ndi cholembera chakuda. Anabweza mawailesi, anakhomanso chikwangwani, ankakhala pa tebulo kuyambira m'mawa osapita ngakhale ku maliro, kuopa kuti oyendera angawaphonye. Chinayamba kufika ndi chigalimoto chogumula. Khonde limene analikhalapo moyo wawo wonse linagwa madzi a tiyi asanawire. Oyendera anadzabwera ngalande itakumbidwa kale, anaima tsidya lina, nsapato zawo zopolisha, n'kulemba kuti pamalopo palibe pogwirira ntchito. Za thandizo lija, akazi awo anakafunsa ku ofesi yake, poti tsopano boma likudziwa kuti amuna awo ndi lova. Kumeneko anawauza kuti ofesi yawo sinalumikizidwebe ku kompyuta, ikugwiritsabe mabuku akale. Anatsegula bukulo n'kupeza kuti banjalo ndi lolemera, lili ndi mawailesi osaneneka.

Alamu sanali munthu woipa mtima, anali chabe munthu wosadziwa kupepesa. Anati malowo akanawabwezera, koma lamulo la msika likuti wopereka malo ake kwa wina amalandidwa, ndiye onse aluza. Chanzeru n'chakuti a Mawaya azibwera kudzagwira ntchito momwemo, iwo azikhala kutsogolo monga mwini. Akazi a a Mawaya anangotenga thumba la zida n'kuwaikira amuna awo pakhomo.

Mpaka lero a Mawaya ali mumsika watsopano, m'kashopu ka simenti kokhala ndi nambala yake. Tebulo lija lili mkati, kukhoma, njerwa yake ili pansi pa mwendo. Chikwangwani ndi chomwe chija, koma chiphaso chopachikidwa pansi pake chili ndi chithunzi cha alamu. Alamuwo amakhala pa mpando pakhomo, amalandira makasitomala, amagogoda wailesi ndi chala n'kupukusa mutu ngati amvamo kanthu, kenako n'kuipereka kumbuyo. Ana a mumsikamo, amene sanalione khonde lija, ayamba kuwaitana alamuwo kuti a Mawaya.

Tsiku lina majekete analowanso, kudzafufuza mmene amalonda akhazikikira mumsika watsopano. Sizitenga nthawi, anatero. Alamu anayankha zonse bwinobwino, sikuludiraiva ili m'manja, zaka zimene akhala pa ntchitoyi, zovuta zake, kusowa kwa zipangizo. Wofunsayo anasuzumira mkati n'kufunsa za mkulu amene anakhala kukhomayo, ngati ndi wantchito, pakuti wantchito ali ndi fomu yakeyake. A Mawaya anali atatsitsa kale kachitsulo kowotcherera pansi pa tebulo, kakadali kamoto, utsi wa mtovu ukukwera pakati pa mawondo awo.

“Awa ndi alamu anga,” anatero alamu. “Alibe chochita, amangobwera kudzacheza.”

Wofunsayo anapempha chitupa cha a Mawaya, analemba nambala yake pa tabuleti, n'kudikira pang'ono. Kenako anamwetulira n'kuwabwezera ndi manja awiri.

“Zoona agogo, zikugwirizana ndi zimene tili nazo.”