Khitchini Yathu Yoyandama

Chinthu choyamba chimene ndinamanga ndi manja anga chinali kakhoma ka pakhomo. Kwathu ku Salisbury Lines ndi kudambo, ndipo zaka zimenezi mvula inasiya ulemu. Imakhala osabwera mpaka anthu kuyamba kudandaula, kenako n'kudzagwa yonse tsiku limodzi ngati yakumbukira mochedwa. Madzi ankalowa m'nyumba mwathu osaodira. Ndiye ndinagula njerwa ndi kasimenti, n'kumanga kakhoma kofika m'maondo pakhomo penipeni. Alendo ankalowa chodumpha. Abusa atabwera kudzatiyendera anang'amba thalauza, ine n'kumawafotokozera monyadira kuti madzi akafika apa azibwerera.

Mvula itagwa, madzi sanadzere pakhomo. Anatumphuka pansi, m'ming'alu ya simenti, ndipo atafuna kutuluka anapeza kakhoma kanga. Kwa anzathu madzi anaphwa tsiku lomwelo. Kwathu anagonera, titawasunga bwinobwino ngati m'thanki.

Akazi anga ndi a ku Nkhata Bay. Anakulira pamadzi, koma amati madzi akwawo amadziwa malo ake. Tili mkati mokapa ndi mabeseni, anaweramuka n'kundiyang'ana.

"Bambo, ufa wanyowa, makala anyowa, mapazi angawa atuwa ngati chinangwa chonyika. Ndikadzaphikanso nditaima m'madzi, ndikupita kwathu. Kumeneko madzi amabwera ndi usipa."

Sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinandiopsa.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga sindinasiye. Mabuku akale amene amayalidwa pansi pafupi ndi depoti ndimawadziwa kuposa owagulitsa. Ndimawerenga chilichonse. Ndikudziwa kaweteredwe ka ngamila, ngakhale nkhuku zanga zinatha ndi chitopa. Pamulu umenewo ndi pamene ndinapeza magazini ya nyumba zopirira kusintha kwa nyengo. Munali nyumba zomera udzu padenga, zina zoima pamiyendo ngati akakowa, koma imene inandigwira mtima inali nyumba yoyandama. Olembawo ankati madzi osalimbana nawo. Akakwera, nyumba izikwera nawo, akatsika izitsika nawo. Ndinawerenga ndili chiimire mpaka wogulitsayo anandifunsa ngati ndikufuna mpando.

Nyumba yaikulu sindikanatha kuinyamula, komanso vuto la akazi anga linali pophikira. Choncho ndinaganiza zoyamba ndi khitchini. Ndinapeza madiramu apulasitiki, abuluu aja, ndinagula zigwagwa, matabwa otsala pocheka, ndipo ndinaitana kalipentala wa kutchalitchi kwathu. Tinagoneka madiramuwo kuseri kwa nyumba, tinakhoma thandala pamwamba pake, kenako kanyumba ka zigwagwa ndi malata akale. Kalipentalayo ankangoti "yewo, adada" pa chilichonse chimene ndanena, ndipo pokhoma msomali uliwonse mapewa ake ankagwedezeka. Ndinkaganiza kuti ndi mmene amakhomera.

Pachithunzi cha m'magazini muja panali mizati iwiri itaima m'mbali mwa nyumbayo. Sindinafune kusiya kanthu, ndiye nanenso ndinakumbira mizati iwiri ya bulugamu. Kungoti ndinaiika chapatali pang'ono kuti isatchinge khomo. Akazi anga anamangapo chingwe choyanikira zovala, ndipo anati pa zonse zimene ndamanga chikwatirane, chanzeru ndi chimenechi. Ndinavomera kuti azungu olemba magazini aja anaganizadi bwino za oyanika zovala.

Miyezi yoyamba khitchiniyo inkangokhala pamadiramu ake ngati nkhuku yofungatira. Anthu odutsa ankaima. Aneba athu a kumunsi, bambo wa ku Mangochi amene ali ndi shopu kumsika, anabwera ataweruka ku mzikiti Lachisanu lina, anaizungulira, anagogoda diramu limodzi ndi chala.

"Aneba, iyi ndi khitchini kapena mukuyamba ulendo?"

Ndinawafotokozera za madzi oundana amene akusungunuka kumalekezero a dziko, za mitengo imene yatha m'mapiri, za mizinda imene ikumira. Anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa ndi munthu waulemu, ndipo anati kwawo bwato amayamba alionetsa madzi asanaikemo mkazi.

Mvula yeniyeni inagwa mu Epulo, Loweruka masana. Akazi anga anali m'khitchini akukazinga chinangwa. Ine ndinali pawindo la nyumba yaikulu, madzi ali m'akakolo, ndikudikira ngati munthu amene mwana wake akulemba mayeso. Ngalande inasefukira, bwalo lonse linasanduka chithaphwi chofiira, ndipo ndinaona ndi maso angawa khitchini ikugwedezeka, kenako n'kunyamuka. Inakwera bwinobwino, mosapendama. Ndinamva misozi ikubwera.

Ndiye inatembenuka pang'onopang'ono, khomo linayang'ana kumsewu, n'kuyamba kupita.

Inadula chingwe choyanikira chija, n'kudutsa pakati pa mizati iwiri ija osaikhudza n'komwe. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa ntchito ya mizatiyo, kuti nyumba imayenera kukoledwa pamenepo kuti izikwera ndi kutsika pamalo amodzi. Kuwerenga kwanga kumatero nthawi zambiri, tanthauzo limandipeza zinthu zitachitika kale.

Ndinatuluka n'kuyamba kuithamangira, ngati kuyenda m'madzi ofika m'ntchafu kungatchedwe kuthamanga. Khitchini inadutsa pamunda wathu wa mpiru, inagwetsa mpanda wa udzu, utsi ukutuluka bwinobwino pansi pa malata. Akazi anga anasuzumira pakhomo, chipande chili m'manja. Anayang'ana madzi, anayang'ana ine, n'kubwerera mkati. Pambuyo pake anandiuza kuti chinangwa chikanapserera. Mayi wina amene anabisala mvula pakhonde lake anawapatsa moni wa masana m'Chitumbuka, iwo anayankha ali m'kati, ndipo anafunsana za ana mpaka mtunda unawalekanitsa.

Patapata wanga mmodzi anatsala m'matope. Ndikumufufuza ndi phazi, khitchini inakhota pa nthochi za aneba a ku Mangochi aja n'kubisika.

Ndinafika kumeneko mvula ikukata. Khitchini inali itatsamira mtengo wa mapeyala pabwalo pawo, yowongoka ngati inamangidwira pomwepo. Chitseko chinali chotseka. Kuchokera m'nyumba mwa aneba munkamveka mawu a azimayi ndi kulira kwa masupuni m'makapu. Sindinalimbe mtima kulowa. Ndinaima pamenepo ndi patapata mmodzi, ndikuwerengera m'mutu ngati munthu wochoka pakhomo pa mwamuna wake atakwera khitchini amakhala kuti wapita kale kapena ayi.

Aneba anatuluka atapinda mkanjo wawo mpaka m'maondo, akutafuna chinangwa chathu.

"Alamu afika bwino," anatero. "Ufa ndi wouma, makala ndi ouma, mapazi awo ndawaona ndekha, alibe ndi dontho lomwe. Akuti ku Nkhata Bay sapita, poti sanaphike ataima m'madzi. Koma akuti musaibweze msanga, kuno kuli kufupi ndi mpopi. Ndiye inu nsima muzidzadyera konkuno, aneba. Muzingobwera ndi ndiwo."