Chiphaliwali pa Mzere wa Madzi

A Januario a ku Ndirande ankadyera kulemba zikwangwani: mayina a maminibasi, mbuzi zonenepa pa makoma a mabutchala. Koma mtima wawo unali pa Chiphaliwali, chimunthu chouluka chimene ankachijambula pa khoma la babashopu ya a Abbas, nkhani ya zithunzi m'mabokosi anayi Lolemba lililonse. Chiphaliwali ankagwira akuba mafoni, n'kumazula minibasi m'matope ndi dzanja limodzi. Anthu ankaima, kuseka, ena n'kulowa kukameta.

Pangano linali limodzi. "Ndale ayi, achimwene," anatero a Abbas. "Ine ndimameta mutu uliwonse. Mukadzangoyamba, ndidzapaka laimu."

A Januario anavomera, poti ndale ankadana nazo ngati chimfine. Chinawapachika n'kuumira. Bamboyu sankataya kanthu, moti penti yotsala ku ntchito ndi imene ankapakira chinsalu choulukira cha kumsana kwa Chiphaliwali. Chaka cha zisankho, 2014, inatsala ya buluu. Pofika masana, Ndirande yense anali atadziwa chipani cha Chiphaliwali. Anapaka yachikasu, ena anakwiya. Yobiriwira, ya olenji, chimodzimodzi. Mtundu uliwonse unali ndi eni ake, ndipo mipando ya a Abbas inayamba kuzizira.

"Lolemba likubwerali n'lomaliza," anawachenjeza a Abbas.

Zinawawawa a Januario, chifukwa khomalo ndiye linali buku lawo lokhalo. Anamuvula Chiphaliwali chinsalu chija. Nanga wopanda chinsalu auluka bwanji? Sabata imeneyo mipopi inali itauma masiku asanu, ndiye anamujambula ndi penti yakuda yokha, ataima pa mzere wa pakiyosiki ya madzi, ndowa m'manja, kumbuyo kwa amayi khumi. Mabokosi onse anayi, mzere osasuntha.

Anthu anadzaza pakhomapo, koma palibe anaseka. A Abbas anatuluka ndi laimu ndi burashi.

"Izi ndiye ndale zenizeni, a Januario."

"Za chipani chiti, bwana?"

A Abbas anakanda kumutu. Anayang'ana khoma, anayang'ana matawulo a mushopu mwawo amene anali asanaone madzi chiyambire Lachinayi. Kenako anaika burashi pansi.

"Ndowayo yachepa," anatero. "Mumuwonjezere chigubu. Kwathu tilipo naini."